Thonje Kapena Pulasitiki: Mmene Alenje a m'Mapiri a Rocky Amasankhira Tenti Yogonamo

Mwezi wa Okutobala, pamene ife kuno timafunafuna mthunzi wa mango, ku America, m'zigawo za Colorado, Montana, Idaho ndi Wyoming, chipale chofewa chimakhala chitayamba kugwa m'mapiri a Rocky. Iyi ndi nyengo imene alenje amakwera kukasaka elk, nyama yooneka ngati gwape koma yaikulu zedi, moti yamphongo imatha kupitirira makilogalamu 300. Misasa yawo yambiri imakhala pamalo okwera mamita 2,500 mpaka 3,000. Ganizirani kugona pafupi ndi nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, osati usiku umodzi, koma sabata yathunthu kapena masabata awiri, ndipo m'mawa uliwonse n'kumapeza madzi a m'ndowa atauma gwa! ngati mwala. Munthu wopita kumalo otere safuna katenti kolowa chokwawa. Amafuna nyumba: poimirira, poyanika zovala, pophikira ndi pokoleza moto.

Nyumba imeneyi iwo amaitcha wall tent, kutanthauza tenti ya makoma. Ili ndi makoma anayi oimirira chilili, nthawi zambiri otalika mafiti 5, omwe ndi mita imodzi ndi theka, ndi denga lotsetsereka mbali ziwiri ngati la nyumba ya malata. Kukula kwake amayeza m'mafiti: 12 kwa 14, 14 kwa 16, kapena 16 kwa 20. Ya 12 kwa 14 ndi pafupifupi mamita 3.7 kwa 4.3, chipinda chokwana anthu atatu ndi mabedi awo opinda, n'kutsalanso malo a mbaula. Mbaula yake si yamakala ngati yathuyi. Ndi bokosi lachitsulo lotsekeka, losonkhezera nkhuni, lokhala ndi paipi yotulutsira utsi kudzera pabowo la padenga kapena pakhoma. Bowolo amalizinga ndi nsalu yosapsa.

Kamangidwe kameneka n'kakale. Asilikali a pankhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, ankagona m'matenti otere, makamaka akuluakulu awo ndi odwala. Golide atapezeka ku Klondike, kumpoto kwa Canada, mu 1896, anthu zikwizikwi anawoloka mapiri ndi matenti omwewa, ndipo mpaka lero ku Canada amaitcha tenti ya wofunafuna miyala. Ku Fort McPherson, kumpoto kwenikweni kwa Canada, a mtundu wa Gwich'in amasokabe matenti ameneŵa. Kwa zaka zonsezo panalibe chosankha: tenti inali ya canvas basi, nsalu yokhuthala ya thonje. Nayiloni anatulukira ku kampani ya DuPont mu 1935, polyester anabwera kuchokera ku Britain mu 1941, ndipo patapita nthawi opanga matenti anayamba kusoka mawonekedwe akale omwewo pa nsalu ya ulusi wa pulasitiki. Mkangano unayambira pamenepo, ndipo m'misasa ya alenje sunathe.

Ine ndimaona kuti ambiri amauyambira kolakwika mkanganowu. Amafunsa kuti nsalu yabwino ndi iti, ngati kuti yankho lili m'nsalumo. Yankho lili pa zinthu zitatu za mwini tenti: kodi muzisonkhamo moto, kodi tentiyo ikafika bwanji kumsasa, ndipo mukabwerako muli ndi poiyanika? Koma kuti mafunso amenewa amveke, tiyenera kudziwa kaye khalidwe la ulusi uliwonse.

Chimene thonje limachita likanyowa

Canvas ya masiku ano ndi thonje lolukidwa mothinana. Kale inkalukidwa ndi ulusi wa chomera cha chamba, ndipo dzinalo linachokera ku liwu lachilatini la chomeracho. Ogulitsa amaitchanso duck, osati chifukwa cha bakha ayi, koma kuchokera ku liwu lachidatchi lakuti doek, lomwe ndi nsalu. Yodziwika kwambiri pa matenti a alenje ndi army duck yolemera maaunsi 10.10 pa yadi imodzi mbali zonse, pafupifupi magalamu 340 pa mita imodzi mbali zonse. Chimene chimaisiyanitsa n'chakuti ulusi wake ndi wopota pawiri, woyenda m'litali ndi wopingasa womwe. Pali ina yotsika mtengo imene ulusi wake ndi umodziumodzi, ndipo ingathe kulemera maaunsi 12 koma n'kukhala yosalimba kuposa army duck ya 10. Ogula koyamba ambiri amapusitsidwa pamenepa, poganiza kuti yolemera ndiyo yolimba.

Thonje limamwa madzi. Ngakhale litauma m'manja mwanu, limakhala litasunga chinyezi chokwana magawo 7 kapena 8 pa 100 alionse a kulemera kwake. Polyester sasunga ngakhale gawo limodzi. Mungaganize kuti kumwa madzi n'chilema pa denga, koma apa ndi pamene pagona nzeru yonse. Mvula ikagwa, ulusi wa thonje umafufuma, timipata ta pakati pa ulusi timatsekeka, ndipo madzi amatsetsereka. Kukacha, ulusi umaphwa, timipata timatsegukanso, mpweya umadutsa. Nsaluyo imadzitseka yokha pa nthawi yofunika kutseka. N'chifukwa chake tenti yatsopano ya canvas amaimanga kaye pabwalo kunyumba n'kuithira madzi, kuisiya iume, n'kubwerezanso kawiri kapena katatu, kuti mabowo a singano m'misoko athinane. Wopita nayo kuthengo isanazolowetsedwe motere angadabwe ikudontha m'misoko usiku woyamba, n'kuyamba kunyoza katundu wopanda mlandu.

Kufufuma komweko kuli ndi mtengo wake. Canvas yosakonzedwa imachepa ikanyowa koyamba, moti munthu amene anadula mapaipi a chimango molingana ndi tenti youma amapeza kuti sikulowanso, kapena ikulowa mokoka mpaka zipi kung'ambika. Pofuna kupewa zimenezi, opanga matenti odziwika, monga Davis Tent ya ku Denver, amagwiritsa ntchito nsalu yochepetsedweratu ndi yothiridwa mankhwala oletsa madzi ndi nguwi. Dzina lofala la kakonzedwe kameneka ndi Sunforger. Ngakhale zili choncho, ozolowera amadula mapaipi mopereweza pang'ono, kusiyira nsalu malo opumira.

Polyester alibe khalidwe limeneli. Ulusi wake sufufuma, choncho kuti madzi asalowe amapaka nsaluyo utomoni wa polyurethane mbali imodzi, ndipo misoko amaimata. Zikatero madzi salowadi, ngakhale mvula itagwa masiku atatu. Koma chimene chatseka madzi akunja chatsekanso chinyezi cha mkati. Nayiloni nayenso ali chimodzimodzi, ndipo amawonjezera vuto lina: amatamuka akanyowa, denga n'kugwa mphwayi, komanso dzuwa limamudya msanga. N'chifukwa chake matenti aakulu a ulusi wa pulasitiki ambiri ndi a polyester.

Mvula ya m'nyumba

Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Dedza kapena ku Mzimba mwezi wa Juni amaidziwa nkhaniyi. Kunja kulibe mtambo ngakhale umodzi, koma mbandakucha madontho akugwera pabulangete. Mpweya wofunda wa m'nyumba wakhudza lata lozizira, chinyezi chake chasanduka madzi. M'nyumba yofolera ndi udzu zimenezi sizichitika, chifukwa udzu umapuma. Alimi amaidziwanso pa chimanga: chosauma bwino chikaikidwa m'thumba la pulasitiki chimachita thukuta, pamene m'chiguduli chimapitiriza kuuma.

Tsono taganizirani kuchuluka kwa madzi amene ali m'tenti ya alenje. Munthu aliyense, pongopuma ndi kutuluka thukuta, amatulutsa madzi okwana pafupifupi kapu usiku umodzi. Amuna anayi abwerako kosaka atanyowa mpaka m'mawondo, ayanika masokosi, majekete ndi nsapato pa chingwe cha pansi pa mtanda. Ketulo ikuwira. Nthaka ya pansi nayonso ikutulutsa nthunzi chifukwa yafunda. Madzi onsewo ayenera kupita kwinakwake. M'tenti ya canvas, gawo lalikulu limalowa m'nsalu n'kutulukira kunja. M'tenti ya polyester, amakakamira kudenga. Kukazizira kwambiri amauma n'kukhala ngati ufa woyera, ndipo m'mawa wina akangokoleza moto, ufawo umasungunuka n'kuyamba kuvumbwa m'nyumba momwemo, pa zofunda ndi pa mfuti.

Pamenepa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira, chomwe ndi mtundu wa moto. Mbaula ya nkhuni imakoka mpweya wa m'tenti, kuutentha, n'kuutaya kunja kudzera m'paipi pamodzi ndi utsi. Ikamatero imakokanso mpweya watsopano wouma kuchokera panja. Ndiye kuti imaumitsa nyumba. Chotenthetsera cha gasi wa propane chopanda paipi chimachita zosiyana: kilogalamu imodzi ya propane ikapsa imabala madzi opitirira kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo onsewo amatsalira mkati. Munthu amene wagula tenti ya polyester poopa moto wa nkhuni, n'kuikamo chotenthetsera cha gasi, waphatikiza zinthu ziwiri zoipitsana. Adzagona mofunda, koma adzadzuka atanyowa.

Sindikunena kuti tenti ya polyester singakhalike. Opanga ake amaika mawindo a mpweya pamwamba penipeni pa denga, ndipo ena amasoka nsalu yachiwiri yopachika mkati kuti igwire madontho. Tenti ya Alaknak ya sitolo ya Cabela's, yomwe alenje ambiri akhala akugwiritsa ntchito, ndi ya polyester ndipo ili ndi bowo la paipi ya mbaula. Mbaula ikamayaka ndipo mawindo ali otsegula, mkati mumauma bwinobwino. Vuto limabwera moto ukazima pakati pa usiku, anthu n'kutseka paliponse chifukwa cha kuzizira. Canvas imakhululukira cholakwa chimenecho. Polyester sakhululuka.

Za kufunda, tisanamizane. Mudzamva ena akunena kuti canvas imasunga kutentha usiku wonse. Nsalu imodzi, kaya ikhuthale bwanji, si khoma la njerwa. Canvas imachedwako pang'ono kuzizira, ndipo imatchinga mphepo mwabata, koma moto ukazima, posakhalitsa mkati mumafanana ndi panja. Chofunditsa munthu m'bandakucha ndi zofunda zake, kapena mnzake wodzuka kukasonkhezera.

Moto ndi nsalu

Nkhuni zopezeka m'mapiri amenewo ndi za paini ndi mitengo ina ya utomoni, ndipo zimathetheka kwambiri. Timakala tamoto timakwera m'paipi n'kugwera padenga. Kakala kotere kakagwera pa canvas, kamatha kuzima kasanaboole, kapena kusiya kadontho kakuda kapena kabowo kakang'ono. Kakagwera pa polyester, amene amasungunuka kutentha kukafika madigiri pafupifupi 250, kamaboola pomwepo. Pakutha kwa nyengo imodzi denga la pafupi ndi paipi lingathe kukhala ngati sefa. Khoma la polyester likayandikira mbaula yofiira, limakwinyika n'kusungunuka lisanagwire n'komwe lawi.

Koma pano ndiyenera kunena motsindika, chifukwa nkhani yake ndi ya moyo: thonje limayaka. Canvas yopanda mankhwala oletsa moto ikagwira lawi, imanyeka mofulumira, ndipo anthu ogona mkati alibe nthawi yochuluka. N'chifukwa chake pali muyezo wotchedwa CPAI-84, ndipo zigawo zina, monga California, zimalamula kuti matenti ogulitsidwa akhale okwaniritsa muyezo wa moto. Tanthauzo lake si lakuti nsaluyo singapse. N'lakuti mukachotsa gwero la moto, lawi limazima lokha m'malo mofalikira. Mankhwalawo amawonjezera mtengo ndi kulemera, koma munthu amene akudziwa kuti m'tenti mwake muzikhala mbaula asaumire pamenepa. Ndalama imene angapulumutse siingafanane ndi chimene angataye.

Zina zonse ndi mwambo wa msasa. Paipi italike kupitirira mtanda wa denga kuti mphepo izitenga zothetheka. Pamwamba pake amaika kasefa kachitsulo kogwira timakala, ndipo kasefako kamatsekeka ndi mwaye wa utomoni, choncho kamafunika kukagogoda pafupipafupi. Kakatsekeka, utsi umabwerera m'nyumba. Pansi pa mbaula mkati amathira mchenga kapena dothi kuti chitsulo chisapse msanga. Ndipo pali mdani wina amene sasankha nsalu: mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha. Ndi womwe uja umapha anthu kwathu akalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chotseka nyengo yozizira. Anthu ena amaganiza kuti popeza canvas imapuma ndiye kuti ndi otetezeka. Ayi. Nsalu yonyowa, yokutidwa ndi chipale chofewa, imatseka ngati pulasitiki. Kachipangizo kolira kakamva mpweyawu n'kotsika mtengo ndipo kamakwana m'thumba la jekete.

Msewu ukuthera pati?

Tiyeni tiwerengere. Tenti ya 12 kwa 14, makoma ndi denga pamodzi, imadya nsalu pafupifupi mamita 45 mbali zonse. Pa magalamu 340 mita iliyonse, nsalu yokha ndi makilogalamu 15. Mukawonjeza mankhwala, mipendero, zipi, zingwe ndi nsalu yotchinga m'munsi, mumafika cha m'ma 25. Apo simunawerenge mapaipi a chimango, amene angalemere mofanana ndi tentiyo kapena kuposa, ndiponso mbaula ndi paipi yake. Ya polyester ya msinkhu womwewo imapepuka kwambiri, nthawi zina mpaka kuyandikira theka, ndipo ikapindidwa imatenga malo ochepa.

Kwa munthu amene galimoto yake imafika pamsasa penipeni, kusiyana kumeneku n'kwa mphindi zisanu zotsitsa katundu. Koma malo ambiri abwino osakako alibe msewu, ndipo sadzakhala nawo. Lamulo la Wilderness Act la 1964 linapatula madera amene saloledwa galimoto, njinga yamoto, ngakhale njinga yakapalasa kapena macheka a injini. Bob Marshall Wilderness ku Montana ndi dera loposa maekala 1 miliyoni. Frank Church–River of No Return ku Idaho ndi loposa maekala 2 miliyoni, ngakhale kuti kumeneko kuli timabwalo tina ta ndege zing'onozing'ono tomwe tinaloledwa kutsala. M'madera otere chilichonse chimayenda pamsana pa hatchi kapena nyulu, ndipo nyulu imodzi imasenza makilogalamu 70 mpaka 90, ogawidwa mofanana mbali ziwiri. Kilogalamu iliyonse ya tenti yalanda malo a chakudya cha anthu kapena cha ziweto. Ndipo pobwerera pamakhala nyama ya elk yoti isenzedwe.

Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale kumeneko, operekeza alenje amene ntchitoyi ndi malonda awo amakondabe canvas. Iwo amamanga msasa kumayambiriro kwa nyengo n'kuusiya uli chiimire kwa masabata ambiri, choncho kulemerako amakuvutikira kawiri kokha, popita ndi pobwera. Mapaipi sanyamula. Amadula mitengo youma ya lodgepole pine, yowongoka ngati bulugamu wa m'munda, n'kupanga mtanda wodutsa m'denga ndi mphanda zopingasa kumapeto onse awiri. Wopindula kwenikweni ndi polyester ndi mlenje wodziyendera yekha ndi ziweto ziwiri kapena zitatu, wosamukasamuka potsata nyama, kapena wokwera kandege kamene woyendetsa wake amayeza chikwama chilichonse pasikelo. Ameneyo akasankha polyester sanalakwe. Chimodzimodzinso munthu wachikulire womanga msasa yekha, amene msana wake sungathenso kukweza canvas pamwamba pa mtanda.

Tsiku lopasula

Pano ndi pamene polyester amabwezera. Alenje sasankha tsiku lochoka. Chilolezo chosakira chili ndi masiku ake, nkhalango za boma zimalola munthu wamba kukhala pamalo amodzi masiku 14, kwina 16, ndipo ntchito ikudikira kunyumba. Nthawi zambiri tsiku lopasula limakhala la mvula kapena la chipale chofewa. Canvas yonyowa imalemera modabwitsa, ndipo ikauma ndi chisanu imakhala ngati chikumba chouma, yokana kupindika. Polyester mumangomukutumula, madzi n'kugwa.

Choopsa chenicheni chili kunyumba. Thonje ndi chomera, ndipo nguwi imalidya. Canvas yopindidwa ili ndi chinyontho, n'kusiyidwa pamalo ofunda, imayamba madontho akuda ndi fungo m'masiku ochepa chabe. Madonthowo sachoka, ndipo pamene nguwi yadya ulusi umafooka, tsiku lina mphepo idzang'ambira pomwepo. Mankhwala a Sunforger amachedwetsa, saletsa. Choncho mwini canvas ayenera kukhala ndi garaja, shedi kapena khola lalikulu lopachikamo nsalu ya mamita 45 kwa masiku angapo, m'mwezi wa Novembala pamene kunja kukuzizira. Wokhala m'kanyumba ka m'mwamba mumzinda wa Denver kapena Seattle ayenera kudzifunsa moona mtima ngati angakwanitse zimenezi chaka ndi chaka. Ngati sangakwanitse, canvas yake yokwera mtengo idzaola isanathe zaka zitatu, ndipo polyester akanamutumikira bwino.

Polyester nayenso safuna kusungidwa wonyowa. Ulusi wake suola, koma utomoni wopakidwa uja umawonongeka ndi chinyezi pang'onopang'ono: umayamba kunata, kununkha, kenako kusupuka. Kusiyana kwake n'kwakuti amauma m'maola ochepa, ngakhale mutamuyala pamipando.

Nyengo ya kumalo osakako ilinso ndi mawu. Mapiri a Colorado ndi Wyoming ndi ouma, ozizira, adzuwa masana, ndipo canvas imasangalala kumeneko. M'mphepete mwa nyanja ya Pacific, ku Washington, Oregon ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Alaska, mvula imatha kugwa sabata yonse osapuma, canvas osapeza mpata wouma. Kumeneko zifukwa zosankhira polyester zimakula mphamvu.

Chipale, mphepo ndi denga lachiwiri

Chipale chofewa chonyowa n'cholemera, ndipo chimene chimagwetsa matenti si nsalu kung'ambika koma chimango kupindika, makamaka anthu akachoka tsiku lonse mbaula itazima. Pa polyester chipale chimatsetsereka msanga chifukwa ndi woterera. Pa canvas chimakakamira. Mphepo ikamawomba, polyester amachita phokoso usiku wonse, pwapwapwa, pamene canvas chifukwa cha kulemera imangogwedezeka mwakachetechete. Kwa munthu wodzuka 4 koloko kukakwera phiri, tulo si nkhani yaing'ono.

Mavuto ambiri a mbali zonse ziwiri amathetsedwa ndi chinthu chimodzi chotsika mtengo: lona wa pulasitiki woyala pamwamba pa denga, wotulukira pang'ono m'mbali, wokhala ndi bowo lalikulu pozungulira paipi. Lonayu amatsetsereketsa chipale, amalandira zothetheka m'malo mwa denga, amatchinga dzuwa, ndipo amasunga canvas youma kuti tsiku lopasula isakhale mtolo. Akaboka mumagula wina. Ndikanati ndilangize munthu chinthu chimodzi chokha, ndikanati asapite wopanda lona, kaya tenti yake ndi yansalu yanji.

Zaka zake

Canvas yosamalidwa bwino imatha zaka makumi angapo, ndipo si zachilendo mwana kusakira m'tenti imene bambo ake anagula. Ikang'ambika, singano yaikulu, ulusi wolimba ndi chigamba zimakwanira, ngakhale kuthengo komweko. Ikayamba kulowa madzi mumaipakanso mankhwala. Polyester amakalamba mwanjira ina. Dzuwa la pamalo okwera ndi laukali, limafooketsa ulusi mosaoneka, ndipo utomoni ukayamba kusupuka palibe chigamba chimene chingaubwezeretse. Kwa munthu womanga tenti masiku 10 pachaka, zimenezi zimatenga nthawi yaitali kuti zioneke, ndipo sayenera kuda nazo nkhawa kwambiri. Kwa woisiya padzuwa miyezi iwiri chaka chilichonse, nkhani yake ndi ina. Poti tenti, chimango ndi mbaula pamodzi zimapitirira madola 1,000 mosavuta, funso la zaka silingapeputsidwe.

Opanga matenti anaona kuti anthu akukokedwa mbali ziwiri, ndipo ena anasakaniza. Montana Canvas, ya m'tauni ya Belgrade ku Montana, imasoka matenti a canvas, a polyester wake wotchedwa Relite, komanso ena a denga la canvas ndi makoma a Relite. Nzeru yake njomveka. Nthunzi imakwera kudenga, zothetheka zimagwera padenga, choncho thonje likhale kumeneko. Makoma ndi amene amakhudza matope ndi chipale cha pansi, choncho akhale a ulusi wosaola. Kulemera kumatsikako ndithu. Kwa ine iyi si njira ya munthu wolephera kusankha, koma ya munthu amene wamvetsa kumene vuto lililonse limakhala.

Ndikafunsidwa maganizo anga, ndimati: ngati galimoto ikufika, mbaula iziyaka tsiku lililonse, msasa ukhala sabata kapena kuposa, ndipo kunyumba kuli poyanika, gulani army duck yokonzedwa kale ndi yoletsa moto, ndipo musayang'anenso kwina. Usiku, nyali ikayaka m'tenti yoyera ya thonje, kuwala kumadzaza chipinda chonse, zovala zikuuma, mpweya uli wopepuka, ndipo munthu wotopa amapeza mphamvu za mawa. Ngati chimodzi mwa zinthu zimenezo chikusowa, makamaka poyanika kapena chonyamulira, polyester si manyazi. Mungophunzira kugona mawindo a pamwamba ali otsegula ngakhale kukuzizira, ndi kuika mbaula patali ndi khoma.

Kwathu kuno funsoli limatembenuka. M'misasa ya kuchigwa cha Luangwa ku Zambia, ya alendo oona nyama ndi ya osaka mwalamulo m'madera ozungulira mapaki, mdani si chisanu koma dzuwa la Okutobala ndi chiswe. Tenti ya pulasitiki yekhayekha masana imasanduka ng'anjo, ndipo thonje lokhalokha chiswe ndi chinyezi cha dzinja sizilichedwetsa. N'chifukwa chake matenti ambiri a kumeneko ndi a nsalu yosakaniza thonje ndi polyester mu ulusi womwewo, ndipo amamangidwa pansi pa mthunzi wa mtengo, wa lona kapena wa denga la udzu.

Kubwerera ku Rocky, patsala adani awiri amene amabwera ndi fungo. M'madera a zimbalangondo za grizzly, monga ozungulira paki ya Yellowstone ndi Bob Marshall, malamulo amafuna kuti chakudya ndi nyama yophedwa zisungidwe m'mabokosi osatheka kuswa kapena zipachikidwe mamita 3 kuchokera pansi. Thonje limamwa fungo la mafuta okazingira monga limamwera madzi, n'kulisunga mpaka chaka chamawa, choncho misasa yosamala imakhala ndi tenti yophikira payokha, kutali ndi yogonamo. Mdani wachiwiri ndi wamng'ono ndipo amadikira kunyumba. Mbewa zimakonda canvas yopindidwa, zimaiboola kupanga zisa, ndipo zimaboola m'mapindo, moti bowo limodzi mukatambasula limakhala mabowo 6. Tenti ikauma bwinobwino, mpaka m'misoko ndi m'mipendero mmene mumachedwa kuuma, amaiika m'mgolo kapena m'bokosi lolimba lokhala ndi chivindikiro, pamwamba pa thabwa osati pa simenti, kufikira Seputembala wotsatira.